Za Imfa ya Bulu Bertil ndi Mlandu wa Nkhwangwa ya a Sixten

KALABU YA LACHIWIRI YA MASEWERO A NTHANO, UMEÅ
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Lamulungu, 9 Febuluwale 2025
Malo: Chipinda chathu chapansi, choyandikana ndi mochapira zovala
Nthawi yoyambira: 2:10 masana

Opezekapo: a Torbjörn Hägglund (Wapampando), a Majken Öhman (woyendetsa nthano), a Ebbe Nordlund (membala wa komiti), a Sixten Lundmark (membala woitanidwa kudzayankha mlandu), Ylva Rönnlund (Mlembi).

Osapezekapo: a Gunnel Åström, omwe anatumiza uthenga ku gulu lathu la pa foni woti adwala chimfine, kenako n'kutumiza ku gulu lomwelo chithunzi chawo akutsetsereka pa chipale chofewa.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano mochedwa ndi mphindi khumi, ndipo anati anachedwa ndi kuchotsa chipale pa galimoto, ngati kuti enafe tinabwera pa ndege. A Ebbe anasankhidwa kuti adzatsimikize zolembedwazi.

2. DANDAULO LA MLEMBI

Mlembi anapempha kuti dandaulo lake limvedwe poyamba, pakuti analipereka m'masamba anayi milungu itatu yapitayo, ndipo komiti yakhala ikuikapo ketulo ya khofi. Wapampando anati nkhani ya lero ndi ya a Sixten. Mlembi anakumbutsa Wapampando kuti wolemba ndondomeko ya msonkhano ndi Mlembi.

Dandaulolo likuti Bertil, bulu wa Mlembi m'nthano yathu, amene anasenza katundu wa gulu zaka zisanu ndi zinayi osanyinyirika, anafa pa 14 Januwale pakati pa mlatho. Msilikali amene a Sixten amasewera m'nthanoyo anali atavulala mwendo, ndipo Mlembi, mwa chifundo chimene tsopano akunong'oneza nacho bondo, anamubwereka bulu. Kompyuta inati katundu wapyola muyeso. A Majken, potsatira buku la malamulo, analengeza kuti Bertil wathyoka msana. Palibe amene anakhala chete pomukumbukira ngakhale kamphindi. A Ebbe anafunsa ngati nyama yake ingadyedwe.

Wapampando anati komiti yamva, ndipo anaikanso ketulo pamalo pake.

3. MLANDU WA A SIXTEN

A Majken anakumbutsa komiti kuti mu Novembala kalabu inasiya mapepala. Zonse za munthu amene aliyense amasewera m'nthano, mphamvu zake ndi zida zake, tsopano zili pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo kompyuta ndiyo imaponya madayisi, amene nambala yake imagamula ngati munthu walasa kapena waphonya, n'kuonetsa tebulo lonse nambala yomaliza yokha. Zida za m'buku munthu amangosankha pa mndandanda. Zida zamatsenga zimene tinapeka tokha zilibemo, choncho mwini amalemba yekha dzina, kulemera, mphamvu ndi mbiri yake, n'kudina batani losunga.

A Sixten ali ndi chida chimodzi chotero: nkhwangwa yotchedwa Tsalani Bwino, imene anawapekera malemu Alvar Sjödin, woyendetsa nthano wathu woyamba, miyezi ingapo asanamwalire. Imawonjezera 1 pa dayisi munthu akamatema. Imodzi basi.

A Ebbe anagawa mapepala a manambala, amitundumitundu, osonyeza kuti kuyambira Novembala a Sixten atema maulendo 61 osaphonya ngakhale kamodzi. A Majken anawonjezera kuti chinjoka chimene anachikonzekera milungu isanu ndi umodzi chinafa chisanamalize kulankhula.

"Chinali ndi mawu a masamba awiri," anatero a Majken. "Chinangoti 'ndani uyo', basi mutu pansi."

A Ebbe anati zikuonekeratu kuti a Sixten anasintha nambala polemba nkhwangwayo, ndipo anapempha kuti ligwire ntchito lamulo 9, loti wobera achoke patebulo chaka chathunthu, komanso kuti nkhwangwayo ifufutidwe.

Wapampando anapempha a Sixten kuti atsegule tsamba lawo komiti ione. A Sixten anakana, natchula lamulo 4, lomwe lakhalapo kuyambira nthawi ya mapepala, loti palibe wosuzumira pepala la mnzake popanda kuitanidwa. Wapampando analamula kuti zotsatirazi zilembedwe mmene zinalankhulidwira.

A Sixten: "Zaka 22 ndili pampando uwu, Ebbe. Iwe unabwera pano uli ndi tsitsi."

A Ebbe: "Tsitsi lilibe mlandu, madala. Tsegulani laputopu."

A Sixten: "Sinditsegula."

A Ebbe: "Ndiye kuti muli chinachake."

A Sixten: "Muli chinachake, inde. Si chako."

Wapampando anati akatero amangitsa komiti manja. A Sixten anati palibe chifukwa chovutikira ndi mavoti, achoka okha, ndipo anapita pakhomo pamene timasiya nsapato. Mlembi saloledwa kulemba maganizo ake, choncho sakulemba kuti chipumireni a Sixten pa ntchito yoyendetsa basi, Lachiwiri ndilo tsiku lokha limene amakhala pakati pa anthu, ndiponso kuti aliyense m'chipindamo amadziwa zimenezi, kuphatikizapo a Ebbe, omwe anayamba kusanja mapepala awo osanjika kale.

Apa nthawi inakwana 3 koloko. Wapampando anati khofi sanadumphidwepo m'mbiri ya kalabu, ndipo munthu sangachoke khofi atathiridwa kale. A Sixten anabwerera nakhala pansi, phazi limodzi lili mu jombo, lina mu sokosi. Mabanzi a sinamoni anadyedwa mwakachetechete. Lomaliza linadulidwa pakati, kenako pakatinso, mpaka panatsala kachidutswa koti palibe anafuna kudziwika kuti ndiye anamaliza.

Ketulo itanyamulidwa, Mlembi anaona tsamba lachitatu la dandaulo lake.

4. KUBWERERA KU DANDAULO LA MLEMBI

Mlembi anapempha kuti mfundo yachiwiri itsegulidwenso. Wapampando anati ino si nthawi ya bulu. Mlembi anati ndi nthawi yake yeniyeni, ndipo akadawerenga zimene amaikapo ketulo, bwenzi tonse tili kunyumba.

Mlembi anafotokoza kuti sabwereketsa bulu mwachisawawa. Tsiku lija anafunsa kaye a Sixten za kulemera, ndipo iwo anatchula pamtima, monga zinalili papepala lakale: msilikali makilogalamu 90, zovala zachitsulo 25, chikwama 9, nkhwangwa 6. Zonse pamodzi 130. Bertil ankatha 150. Koma kompyuta inati katundu ndi 208. Makilogalamu 78 achilendowo Mlembi wakhala akuwafunsa milungu itatu.

A Ebbe anati sakuona kugwirizana kwake. Mlembi anawapempha, monga munthu wokonda manambala amitundumitundu, kuti agawe 78 ndi kulemera kwa nkhwangwa. A Ebbe anati yankho ndi 13, ndipo anakhala kaye kukamwa kuli yasa.

Mlembi anafunsa a Sixten kuti atamaliza kulemba nkhwangwayo mu Novembala, batani losunga analidina kangati.

A Sixten: "Mpaka linamva."

Mlembi: "Kangati, a Sixten?"

A Sixten: "Ndiwerenge? Intaneti ya m'dzenje muno mukuidziwa. Ndinadina, zii. Ndinadinanso, zii. Zaka 31 ndayendetsa basi, mayi. Chitseko chikauma ndi kuzizira sumachiyang'ana. Umadina mpaka chitseke."

A Majken anaika kapu pansi nafotokoza kuti kudina kulikonse kumasunga chida chatsopano, ndipo chilichonse chimawonjezera 1 wake. Mndandanda wa katundu umakhala wopindika mpaka munthu atautambasula. A Sixten anafunsa kuti kodi umatambasuka.

Mlembi anauza komiti kuti msilikali wa a Sixten wakhala akuyenda miyezi itatu atanyamula nkhwangwa khumi ndi zinayi, ndipo anakwera nazo zonse pamsana pa Bertil. Anawonjezera kuti munthu wofuna kubera akanangosintha 1 kukhala 14, ntchito ya sekondi imodzi, osati kusenza zitsulo zolemera ngati firiji n'kupha nazo bulu wa eni.

A Ebbe anati zikumveka, koma payenera kukhala woona ndi maso. A Sixten anati chimene amakanira si manambala. M'bokosi la mbiri ya chida analembamo mawu amene Alvar anawalembera kuseri kwa pepala lakale ali m'chipatala, ndipo mawuwo si a komiti. Wapampando anagamula kuti a Majken okha ayang'ane mndandanda, a Sixten ataphimba bokosilo ndi dzanja. Enafe tinatembenukira ku khoma, komwe kuli chikalata chokumbutsa anthu kuchotsa ubweya m'makina oumitsira zovala. Mlembi anachiwerenga katatu.

A Majken anawerenga mokweza: Tsalani Bwino, Tsalani Bwino, Tsalani Bwino, mpaka khumi ndi zinayi, iliyonse ndi 1 wake. Wapampando anapumira m'mwamba mokweza kotero kuti Mlembi wakulemba. A Ebbe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

5. KUFUFUTA NKHWANGWA KHUMI NDI ZITATU

A Sixten anafunsa kuti mwa zonsezo yeniyeni ndi iti. A Majken anati zonse n'zofanana. A Sixten anati sizingafanane, yeniyeni ndi yoyamba. A Majken anaipeza poona nthawi imene inasungidwa, ndipo zina zonse anafufuta imodziimodzi, a Sixten dzanja lili pomwepo.

Wapampando anapempha kuti ayese kutema kamodzi. Dayisi inagwa pa 2. Pamodzi ndi nkhwangwa, 3. Msilikali wa a Sixten anaphonya chitsa chimene a Majken anamuikira patsogolo. Komiti inaomba m'manja.

A Sixten anaseka, kenako anati ali ndi mawu amodzi.

"Ine sindinkadziwa kuti ndi batani. Nditaona kuti sindikuphonya, ndinkaganiza kuti ndi Alvar. Ndimati mkulu uja wayamba kundikondera tsopano, poti ali moyo sanandikonderepo."

A Majken anati Alvar akanakhalapo akanamupatsa msilikaliyo nthenda ya msana tsiku loyamba lomwe. A Sixten anavomereza. Wapampando anapita kukatsuka makapu, ntchito imene sanaigwirepo chisankhidwireni.

A Ebbe anabweza pempho lawo. Anati: "Pepani, madala. Ndinalakwa." A Sixten anati: "Manambala ako anali bwino, mutu ndiwo unazizidwa. Uzivala chipewa." Anavula jombo ija. Kachidutswa ka banzi kanapatsidwa kwa iwo, ndipo anadya.

Zogwirizana:
(a) Mlandu wa a Sixten wathetsedwa. Lachiwiri adzakhala pampando wawo.
(b) Tsalani Bwino ikhalabe, imodzi.
(c) Wolemba chida chopeka adine batani kamodzi, achotse dzanja, apite akathire khofi, abwere aone.
(d) Chinjoka chiukitsidwa kuti chimalize mawu ake. A Ebbe anafunsa ngati masamba onse awiri ndi ofunika. A Majken anati tsopano ndi atatu.

6. ZINA NDI ZINA

Mlembi anati n'zokondweretsa kuti aliyense wapeza chilungamo, ngakhale chinjoka, kupatula yekhayo amene anafa chifukwa cha nkhaniyi, yemwenso mtembo wake ndiwo wapulumutsa a Sixten. Wapampando anati bulu aukitsidwa, palibe vuto. Mlembi anati kuukitsa ndi kungobweza chimene chinatengedwa, si chipepeso.

7. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Lamulungu, 9 Malichi 2025, 2 koloko masana, malo omwewo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4:05 Mlembi akadalankhula. Popeza cholembera chili ndi Mlembi, chipepeso chimene akufuna chalembedwa pano, ndipo chidzakhala mfundo yoyamba mu Malichi:

Msilikali wa a Sixten abereke Bertil kumsana Lachiwiri khumi ndi atatu otsatizana, Lachiwiri limodzi pa nkhwangwa iliyonse, kuphatikizapo powoloka mlatho uja. Zinthu zikavuta pankhondo asamutsitse. A Ebbe, amene anafunsa za nyama, aziyenda patsogolo atanyamula udzu.

A Sixten afunsa kale kuti buluyo amalemera bwanji. Auzidwa kuti adine kamodzi, adikire.

Torbjörn Hägglund, Wapampando ....................

Ylva Rönnlund, Mlembi ....................

Ndawerenga ndipo ndatsimikiza, kupatula za tsitsi: Ebbe Nordlund ....................