Chitupa cha a Chisale

Lolemba, 6 Juni 1977, Mufakose

Gregório watsokomolanso magazi. Amabisa kansanza m'thumba, ngati wochapa zovala zake si ine. Mlongo wanga yemwe uja ankasenza thumba la mbatata yekha kwathu ku Angónia, lero buluku akumanga ndi chingwe.

Kuchipatala wakana. Kalaliki wa pawindo safunsa kuti chikukupweteka nchiyani, amayamba ndi chitupa. Mnyamata wa ku Mozambiki wopanda chitupa chaka chino, apolisi amangoti ndi gandanga, chigawenga cha m'tchire, basi. Miyezi isanu ndi itatu ali m'khitchini mwanga, galimoto ikangoima panja iye ali kale kuseri kwa kabati. Munthu angachire choncho?

Amuna anga a Albert Chisale, mkulu wa mpingo, akuti nchimfine. Chimfine! Dotolo wathu wa ku bekale.

Lachitatu, 8 Juni

Ndawapempha chitupa chawo, tsiku limodzi lokha. Chilibe chithunzi, nchidindo cha chala basi, ndipo ndani amayang'ana chala? Akuti, "Mayi, Mkhristu sanama." Koma buledi amene amatuluka naye m'jekete kuntchito kwawo ku bekale ya ku Graniteside uja amachita kupatsidwa ndi angelo.

Sabata ino akugwira usiku. Masana amagona ngati chipika, jekete ili pa msomali.

Lachisanu, 10 Juni

Ndatenga chitupacho, ndapita naye Gregório kuchipatala. Kalaliki sanadzutse nkomwe mutu. Amuunika pachifuwa, akuti ndi TB, jakisoni tsiku lililonse. Atipatsa kadi lolemba Albert Chisale, ndipo kadilo nlokwana, chitupa sadzafunsanso. Ndabweza m'jekete eni ake akuliza mkonono.

Lachisanu, 17 Juni

Wadya mbale yonse, mpaka kupempha ina!

Lachiwiri, 21 Juni

Kalanga ine. Sindinadziwe kuti achipatala amatumiza kalata kuntchito kwa wodwala. Dzina la bekale lili pa chitupa pomwepo, ine chitsiru sindinaganize. Kapitawo waitana a Chisale, akuti wa TB sagwira buledi wa anthu, atule apuloni. Ntchito ikatha nyumba ya khonsolo inonso yapita, zimenezo ndikuzidziwa, sachita kundiphunzitsa.

Abwera kunyumba. Ndagwada, ndaulula zonse. Ndati pitani akakuunikeni, akapeza muli bwino muzikati makalata anasokonekera, maina a Chisale ndi ambiri. Iwo akuti, "Ndanena kale kuntchito kuti chitupa chinabedwa." Ndati mwati anaba ndani? Akuti sanatchule munthu, ndiye ndiziwathokoza.

Zikomo kwambiri, abambo. Mkhristu sanama.

Lachinayi, 23 Juni

Mai Febbie amene amakolopa kuchipatala andinong'oneza pa mpope kuti wapolisi akukhala pa benchi kuyambira dzulo, kudikira mwini kadi la chitupa chobedwa chija. Gregório waphonya jakisoni masiku awiri tsopano. Thukuta layambiranso, bulangete lochita kufinya.

A Chisale atsogolera pemphero la madzulo, kupempherera odwala onse a m'zipatala. Wa m'khitchini mwawo sanamutchule. Ameni wanga sanatuluke.

Lamulungu, 26 Juni

Azimayi a kutchalitchi abwera ndi malalanje atatu, aima pakhomo mipango ili pamphuno. Wina akuti bwanji osangomutumiza kumudzi. Adutse pati, pa mabomba okwirira a m'malire? Malalanje awo ndapatsa ana a oyandikana nawo.

Lolemba, 27 Juni

Ndadzuka ndapeza Gregório wavala malaya ake oyera, nsapato wapukuta. Ndati ukupita kuti? Akuti, "Achemwali, kundende nakonso amabaya jakisoni. Muno ndikufa ndi mantha, ndikufanso ndi chifuwa. Bola chimodzi."

Ndamukalipira, ndalira, ndatseka chitseko. Wangoima kundiyang'ana mpaka ndatsegula ndekha.

Tayenda pang'onopang'ono, kupuma katatu. Pa geti wandiletsa kulowa, akuti ndikaoneka naye alamu ataya nyumba. Mpaka lero akuganizira alamu akewo! Ndaima pa mpanda. Wapereka kadi pawindo, wapolisi wanyamuka pa benchi osafulumira nkomwe. Nesi wamkulu wakangana ndi wapolisiyo, ndamva akuti amubaye kaye jakisoni. Wabayadi. Kenako amukweza m'galimoto.

Ndafika kunyumba a Chisale atadzuka, akufunsa ngati madzi osamba atentha. Ndawauza kuti mpope uli panja.