Chipinda Chimodzi M'sitima

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Mvera. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Adona a pamishoni anandiitana m'mawa. Atipezera malo m'sitima ya panyanja kuti tiperekeze amayi anga kwa dokotala wa maso kumpoto. Akuti chipinda ndi chimodzi: amayi pabedi lapansi, ine ndi mwana lapamwamba, amuna anga pamphasa. Ananena mokondwa, ine ndinangoti zikomo, maso pansi.

Kodi mkamwini amagona chipinda chimodzi ndi apongozi? Zaka zitatu zonsezi, amuna anga akaona amayi panjira amapatukira kutchire.

Nditawauza, amayi anati, "Iwe Naphiri, ndizikamva mkonono wa mkamwini ine? Maso ndiwo andithera, manyazi ayi. Kuli bwino khungu lomweli."

Amuna anga akuti akagona panja, pamatabwa a sitimayo. Koma ali ndi chifuwa, ndipo uno ndi mwezi wa mwera.

Mawa ndiyenera kukawafotokozera Adona. Ndalemba mawu ake pasileti katatu, ndafufuta katatu. Ulendo ndi Loweruka, koma amayi ayamba kale kumasula mtolo wawo wa paulendo, akupapasa mfundo imodziimodzi.