Khoma Lopenya ku Maka

Kasakula, Ntchisi
18 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene a Malizani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Madisiko. Kuno tayamba kuthyola fodya. Kalatayi ndailemba katatu poopa kuikamo mawu oipa, koma mtima wanga sunatsikebe.

Nkhani ndi ya khoma la mzikiti wakale wa pamtsinje, lija linagwa ndi mvula inu n'kulimanganso. Mukudziwa kuti ine ndimachita manyazi pamaso pa akuluakulu, komabe ndinalimba mtima kupita kwa a Shehe Twaibu kukakupempherani ntchitoyo. Ndinawauza kuti ngakhale ndife Akhristu, inu muli ndi manja a malemu bambo athu, amene anamanga nawo mzikitiwo ali mnyamata.

A Shehe atapita ku maliro ku Nkhotakota, inu munakoka chingwe n'kunena kuti akale anamanga mokhota. Munaliwongola kuti lilingane ndi msewu, ndipo kamphako kolowa m'khoma kaja simunakabwezeretse, ati n'kosungira mileme. Achimwene, kufunsa kunavuta pati? Khomalo analipendeketsa dala kuti lipenye ku Maka, ndipo pakamphakopo ndi pamene amaima wotsogolera mapemphero. Anthu akalambira pamenepo, akusamba pa masitepe amiyala aja n'kukwera kukapemphera atapenya mbali imeneyo.

Lachisanu a Shehe anandiitana. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anandionetsa maziko akale m'matope, n'kunena kuti, "Mwanawe, bambo ako anayamba afunsa asanaike njerwa." Ndinasowa poyang'ana. Panopa anthu akupempherera pabwalo, mvula ili pamsana, ndipo kwatsala masabata atatu kuti ayambe kusala kudya. Amayi achisilamu amene ndimachapa nawo kumtsinje akungondipatsa moni wouma. Dzina limene likutchulidwa ndi langa, poti inu munachoka.

Foni simukuyankha, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Chiko, anansi athu amene akubwera kumeneko. Mubwere Loweruka mudzagwetse khomalo ndi manja anu, mudzamange pamaziko akale a Shehe akuona. Mukapanda kubwera, nditenga mpeni womangira ndi levulo zimene munasiya kuno ndikapereke kwa mmisiri mnzanu a Lester amange ndiwo, ine ndizikawatungira madzi mpaka lithe. Mukatero musadzazifunsenso.

Amayi akupereka moni. Sindinawauze, koma Lamulungu akamva kutchalitchi. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Moni wanu ndausunga, mudzaulandira mukafika ndi nyundo m'manja.

Ine mlongo wanu,
Manesi