Nkhosa Yanga Yathawira Pazenera

Lamlungu, 9 Marichi

Abusa alalikira za mbusa amene anasiya nkhosa 99 n'kupita kukasaka imodzi yotayika. Ulaliki wokoma, sindikana. Koma atangoti aliyense ali ndi nkhosa yotayika kunyumba, a Belu, mtsogoleri wa amayi uja wa mawu ngati chitsulo, anapotoloza khosi mpaka kundipeza pa benchi yakumbuyo. Ndinadziwiratu. Akunena Girisi, mdzukulu wanga wokonza magalimoto. Chimwalirire amayi ake sanapondenso m'tchalitchi. Ine sindimukakamiza. Mwana wondipaka mankhwala m'mawondo akatupa, ndimutche wotayika?

Lolemba, 10 Marichi

A Belu ndi amayi anzawo abwera chigulu, ati kudzasaka nkhosa. Adzaza pabalaza, wina mpaka kukhalira mkono wa sofa. Girisi pofika kuchokera ku galaja anangomuzinga, manja onse pamutu pake ngati akusankha dzungu pamsika. A Belu anapemphera mpaka tiyi kuzizira. Mwana anangoima, maso pansi. Shuga watha.

Lachitatu, 12 Marichi

Abweranso. Atangoyambitsa nyimbo ndinamva phokoso kuchipinda. Kukaona, zenera lili pululu, chotsekera chathyoka, katani yang'ambika. Munthu wamkulu wandevu kutuluka pazenera m'nyumba ya agogo ake! Nsapato imodzi yatsala pansi.

A Belu akuti ndi chizindikiro chabwino, mdierekezi wayamba kuchita mantha.

Lachinayi, 13 Marichi

Sanagone kuno. Mbale yake ikadali yovundikira patebulo.

Lachisanu, 14 Marichi

Lero ndawaimitsa pakhomo. Ndinawauza kuti kusukulu sindinapite patali, koma makutu ndili nawo. M'fanizomo anapita ndi mbusa yekha. Zija 99 zinatsala zikudya msipu, sizinanyamukane kukaizinga inzawo pabalaza n'kuimaliza shuga.

A Belu sanagwedezeke. "Mwina nkhosa zotayika m'nyumba muno n'ziwiri, agogo."

Kenaka anatsitsa mawu, akuti mwana wawo anamira mu mowa popanda womusaka, ndiye sangaonerere wa mnzawo. Chitseko ndinatsekabe.

Masana ndakafunsa abusa kuti akulondola ndani. Akuti tonse, fanizo n'lozama. Lozama! Chitsimenso n'chozama koma munthu amatungamo madzi. Ine ndabwerako ndi ndowa youma.

Loweruka, 15 Marichi

Mkazi wogulitsa makala wandinong'oneza kuti Girisi akufunsafunsa chipinda cha lendi kufupi ndi galaja. Mwana ndinamulandira m'manja mwanga tsiku lobadwa, ndi yekhayo amene amayi ake anandisiyira. Akasamuka, nyumba ino ndizilankhula ndi makoma.

Lamlungu, 16 Marichi

Sindinapite. Apotoloze khosi apeze benchi yokha.

Lolemba, 17 Marichi

Ndavala diresi langa la kutchalitchi, nsapato ija m'chikwama, ulendo wa ku galaja. Mtunda uja mawondo anga anautukwana njira yonse. Ndinamupeza pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka, kuphazi kumodzi patapata wobwereka. Ndinakhala pa tayala lakutha.

"Agogo, mwabwera ndi gulu lanu?"

"Ndabwera ndi nsapato yako."

Za tchalitchi sindinatchule. Ndinangomudandaulira za katani yanga. Iye anagogoda zitsulo kwa kanthawi, kenaka analankhula ali pansi pomwepo, osaonetsa nkhope. Akuti mapemphero akanapirira. Koma nyimbo imene anayambitsa Lachitatu ndi yomwe ankaimba potsitsa bokosi la amayi ake.

Ine wamakutu uja, amene ndinadzitama pamaso pa a Belu, sindinaizindikire. Ndinali kalikiliki kuwerengera makapu.



Pofuna kunyamuka mawondo anakana. Ndinayesa, ndinabwerera pa tayala. Girisi anatuluka, anavala nsapato yake, n'kugwada chondifulatira. Ndinamuuza kuti ndine munthu wamkulu, anthu aseka. Akuti ndiye mugona pa tayala.

Wandibereka msewu wonse. Podutsa pa geti ya a Belu anali akusesa. Anatiyang'ana, tsache m'manja, mpaka tinadutsa.

Diresi lada bii ndi girisi. Iye ali kuchipinda, akukhoma zenera, akukuwa kufunsa komwe ndinaika misomali.