Kalendala ya mdzukulu wa Wilisoni

Lachitatu, mwezi wa Novembala. Mutu sukugwira.

Wilisoni, yemwe anazula khonje wa m'malire n'kundidyera theka la munda ku Kanduku, wandipezanso, chonsecho anamwalira kalekale.

Mwana wanga Esinala wabwera masana, maso ali psuu. Iye amapanga mabatani ndi timabokosi ta pa foni, n'kuziika pa intaneti kuti anzake opanga mapulogalamu azingotenga. Ngakhale maejenti a pa boda amadina mabatani akewo. Ine ndinkayesa zonse n'za manja ake. Lero wandiuza kuti kalendala ya m'katimo anachita kubwereka, ndipo mwini wake ndi mdzukulu wa Wilisoni! Dzulo mdzukuluyo wasintha kalendalayo osauza munthu, zinthu za Esinala n'kuima. Ejenti wina walephera kuika tsiku pa zikalata za katundu, thiraki yagona pa boda, ndipo maejentiwo akuti asiya kugwiritsa ntchito za mwana wanga.

Ndamufunsa, "Unabwerekeranji kwa anthu amenewo?"

Akuti, "Bambo, aliyense amabwereka. Ndinalakwa posalemba kuti ndikufuna kalendala yakale ija yokha. Ndinalola kuti yatsopano ikatuluka izingolowa."

Izingolowa! Ngati mbuzi m'dimba. Esinala akuti wakonza kale, ntchito yake waimangirira pa kalendala yakaleyo. Nanga yakaleyo si ya kwa Wilisoni komweko?

Chakudya chandikanika. Ine wa Sitandade 4 sindidziwa kuti kalendala amaipanga bwanji. Koma ndisanafe, Esinala apange yakeyake, achotse dzina la banja limenelo m'ntchito yake, ine ndione ndi maso angawa.