Mabesi Anayi a Bambo Ruzicka

Komiti Yokumbukira Ligi ya Besiboli ya Chigwa cha Tamarack
Lolemba, 8 Okutobala 2012, m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha Lutherani, Harlow Junction

Opezeka: Bambo Vernon Haugland (Wapampando), Mayi Doris Stanczak, Mayi Lorna Ruzicka, Merle Aasen (Mlembi)
Opepesa: Bambo Clyde Tuttle, akukolola chimanga

Mlembi akuvomereza kuti sanagone, kulingalira ngati mawu ena oyankhulidwa m'nyumba ya Mulungu ayenera kulembedwa. Ena wawasiya.

1. Pemphero
Anapemphera ndi Mlembi. Wapampando anapempha kuti ulendo wina lifupike.

2. Dzina la 1951
Wapampando anati chikwangwani chamkuwa cha omenya mpira amene anatsogola chaka ndi chaka pa chiwerengero cha mabesi (malo a m'bwalo amene munthu amathamangirako akamenya mpira) chamalizidwa, kupatula dzina la 1951. Malemu Orville Stanczak, amuna a Mayi Doris, anapeza mabesi 287. Bambo Delbert Ruzicka, abambo a Mayi Lorna, omwe ali m'chipatala, anapeza 285.

Mayi Lorna anati pamasewero omaliza abambo awo anamenya mpira n'kuutulutsa m'bwalo, zomwe ndi mabesi anayi, koma mvula inathetsa masewerowo gawo lachisanu lisanathe, ndipo mwalamulo zonse za tsikulo zinafufutidwa.

Wapampando anati lamulo ndi lamulo.

Mayi Lorna anati mvulayo inachita kudikiriridwa. Malemu Stanczak, omwe ankawakhira mpira timu yolimbana ndi ya Bambo Ruzicka, ataona mitambo anayamba kumanga zingwe za nsapato, kumasula, kumanganso.

Mayi Doris anati: "Ndiye bwanji? Mumafuna mwamuna wanga agwe? Komanso ankainyadira nkhaniyo Khirisimasi iliyonse, anthu n'kumaseka."

Mayi Lorna anati: "Ife kwathu sitinkaseka, mayi. Zaka zonsezi bambo anga akamva bingu amasiya kudya."

Mayi Doris anati: "Akanamenya Lachiwiri, mwanawe, kunali dzuwa."

Apa panayankhulidwa mawu amene Mlembi wawasiya.

Atafunsidwa maganizo, Mlembi anati mvula ndi ya Mulungu, koma zingwe zinali za munthu. Wapampando analamula kuti za Mulungu zidikire Nkhani Zina.

Wapampando anapereka ganizo lolemba mayina onse awiri. Amayi onse anakana. Mlembi akuthokoza kuti apa pokha panali mgwirizano.

Voti: Stanczak awiri (Wapampando, Mayi Doris); Ruzicka awiri (Mayi Lorna, Mlembi). Zinagwirizanidwa kuti Bambo Tuttle agamule.

3. Nkhani Zina
Mayi Doris anatenga mbale yawo ya makeke anthu asanalawe.

Msonkhano wotsatira: 12 Novembala. Unatsekedwa 4:40 madzulo, popanda pemphero.

V. Haugland, Wapampando
M. Aasen, Mlembi

Kwa Bambo Tuttle: izi si za msonkhano. Dzulo titaweruka ndinaperekeza Mayi Lorna kuchipatala. Anawerama n'kuuza abambo awo kuti, "Ababa, mabesi anu aja abwerera." Mkuluyo anandiyang'ana ine, poti ndine Mlembi, nandifunsa ngati n'zoona. Ndinati Ameni. Sindikukuuzani kovotera, Mulungu andikhululukire, koma adokotala akuti sabata ino mwina ndi yomaliza, ndipo mkuluyo akufuna aone chithunzi cha chikwangwanicho. Tsikani pathirakitala, achimwene, muyankhe pofika Lachinayi.