Katemera wa azakhali

Lolemba, 13 Julaye 2020
Katemera wa chimfine wafika ku kiliniki ya esiteti, ine ndi amene ndinamumenyera nkhondo ku ofesi. Abwera anthu angati? Mlonda yekha. Digiri yonseyi ndizingoyang'ana mabenchi? A manijala akuti zikayenda andiganizira pa mpando woyang'anira welofeya ya antchito.

Lachitatu, 15 Julaye
Ndapita pa sikelo nthawi yoyeza tiyi. Azimayi amvekere, chimfine timachiza ndi mandimu ife, mutiuze za korona. Azakhali a Fainess, amene anandilera ndi dengu kumsana, afunsa poyera: "Crispin, ameneyu amatetezanso korona?"
Ndati eya.
Pakamwa panangotsetsereka. Azakhali ndi amene anayamba kupinda mkono wa juzi, enawo n'kutsatira. Mzere wa ku kiliniki mpaka pa mabulugama. A Joan, anesi athu, adabwa kuti ndawadyetsa chiyani anthu. Ndangoseka.

Loweruka, 18 Julaye
Maliro ku Khonjeni, mayi wa mu kwaya ya azakhali. Akuti anamwalira akubanika. Azimayi anzawo amaopa kusambitsa mtembo, azakhali n'kudzipereka. "Ine ndinabayitsa, mwana wanga wa ku yunivesite ndiye anabweretsa." Masiki asiya pa msomali wa pakhonde. Ndinawaona akukwera kabaza. Ndikanathamanga ndikanawapeza. Ndinaima n'foni m'manja.

Lachiwiri, 21 Julaye
A manijala andiyamikira pa miting'i. Kuwomba m'manja ndithu. Tiyi sindinamwe.

Lachinayi, 23 Julaye
Chiperoni tsiku lonse. Azakhali sanapite kumunda, akutsokomola, akuti ndi kugona pansi pa maliro ndi kuimba kuja. Ndawaphikira usipa, akuti sakumva fungo. Azimayi a m'gulu lawo lothyola tiyi abwera kudzawaona, adzaza m'nyumba, opanda masiki onse. Wina akuti bwana Crispin anatitchinjiriza. Ndatuluka ngati ndikukatunga madzi.

Lachisanu, 24 Julaye
Ndawauza a Joan za bodza langa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Angoti mawa galimoto ikawatenge azakhali akayezedwe ku boma, ndipo azimayi aja ndikawauze ndekha, apo ayi akauza a manijala okha. Ndati mpando uja ndiye wapita. Andiyang'ana mpaka ndazyolika.

Loweruka, 25 Julaye
Podikira galimoto ndawauza azakhali ndili panja, pawindo. Katemera uja ndi wa chimfine basi, za korona ndinanama. Chifuwa. Kenako:
"Ndiye mtembo uja ndinasambitsa ndi manja anjanja?"
Ndati eya, azakhali.
"Chotsa masiki anga pa msomalipo undiponyere. Usalowe."
Atavala anati gulu lawo lili ku munda wa kumtunda lero, amayeza tiyi dzuwa likafika pamutu. "Ukayambe ndi a Lestina, ali ndi shuga."
Nsapato ndavala kale.